Thambo la Van Gogh Pamsewu wa Njinga

M'chaka cha 1889, Vincent van Gogh ali m'chipatala cha odwala maganizo ku Saint-Rémy, m'dziko la France, adajambula chithunzi chotchedwa The Starry Night. Pachithunzicho pali mudzi uli m'tulo, mtengo wautali wobiriwira modera, ndi thambo la nyenyezi lozungulira ngati kamvuluvulu.

Mu 2014 mmisiri wa ku Netherlands, Daan Roosegaarde, adayala timiyala tambirimbiri pamsewu wa njinga wotalika mamita 600 pafupi ndi Nuenen, kumene Van Gogh adakhalako kuyambira 1883 mpaka 1885. Timiyalato adatikonza kuti tizimwa kuwala kwa dzuwa masana, n'kumanyezimira usiku.

Nzeru za Roosegaarde zikuoneka pa zimene adasiya. Iye sadayale mudzi kapena mtengo. Adangotola kuzungulira kwa thambo, komwe ndiwo mtima wa chithunzicho, nakutsitsira pansi pamene anthu amaponda. Komabe ntchitoyi ili ndi poperewera. Thambo la Van Gogh limavundula mtima wa wolipenya, pomwe la Roosegaarde limangokondweretsa maso. Mmisiri wotsanzira akale angathe kubwereka maonekedwe, koma masautso amene adabala maonekedwewo sabwerekeka.