Chimphona cha Mkuwa Chomwe Chinatembenuza Khosi

Mafilimu a ngwazi za ku Girisi wakale, aja a malupanga ndi nkhwayira, anatchuka Pietro Francisci atatulutsa Hercules ku Italy mu 1958. Steve Reeves, yemwe anali Hercules m'filimuyo, anali ndi chifuwa choti aliyense n'kucheuka, ndipo opanga mafilimu ambiri anayesa kuti luso lonse lagona pa minofu. Ambiri mwa mafilimuwo lero satsitsimula: mwamuna amanyamula chimwala, n'kuchiponya, basi.

Yomwe idakali ndi moyo ndi Jason and the Argonauts ya mu 1963, yotsogoleredwa ndi Don Chaffey. Koma mwini luso m'menemo ndi Ray Harryhausen, amene ankaumba tizidole, n'kumatisuntha pang'onopang'ono ndi zala, kujambula, kusunthanso, kujambulanso, zithunzi 24 kuti ikwane sekondi imodzi.

Taonani Talos, chimphona cha mkuwa. Chagwada duu pamwamba pa nyumba ya chuma, ndipo woonera wakhazika mtima pansi kuti n'chosema chabe. Kenaka khosi lija likutembenuka, chitsulo chikulira kwee! Chikamayenda chimachita kudzikoka, miyendo ili gwaa, ndipo n'koyenera, poti mkuwa sufewa. Jason atatsegula chotsekera cha pachidendene, madzi a moyo n'kuyamba kukhuthuka, Talos akugwira pakhosi ndi manja onse. Nkhope yake sisintha ngakhale pang'ono, komabe chisoni chimakugwira.

Ife a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi izi sitichita kuphunzitsidwa. Amene anaimapo pabwalo Kasiyamaliro akulowa amadziwa kuti ulemu ndi mantha zimachokera m'mayendedwe, m'kaimidwe ndi m'katembenukidwe.

Nkhondo ya kumapeto, ya mafupa a anthu akufa asanu ndi awiri otumphuka m'nthaka momwe mfumu Aeëtes inafesa mano a chilombo chotchedwa Hydra, inamutengera Harryhausen miyezi yoposa inayi, chonsecho pa kanema ndi mphindi zochepa. Poyamba mafupawo akuyenda mwakachetechete, zishango zili patsogolo, kenaka n'kukuwa, n'kulumpha. Kudikiritsa kumeneko n'kumene zilombo zambiri za pa kompyuta zikusowa. Zimathamanga kwambiri moti diso silipeza pogwira.

Filimuyi ili ndi pofooka pake: Todd Armstrong, yemwe ndi Jason, ndi wozizira, ndipo ngakhale mawu omwe timamva si ake, anachita kumulankhulira wina. Zidolezo zinamuposa.

Eni mavidiyo pa Mponela, pa Madisi ndi pa Malomo, ifunefuneni filimu imeneyi, ana athu aone zomwe dzanja lodekha limatha kuchita.