Kodi Makina Angakhale Mboni?

Pali mawu amene alowa m'kamwa mwathu zaka zino, ndipo akangotchulidwa mkangano uliwonse umathera pomwepo. Mawuwo ndi awa: "Kompyuta ndiyo yanena." Munthu afunse ku ofesi chimene dzina lake lasowera pa mndandanda, kaya afunse ku banki kumene ndalama zake zalowera, kalaliki amangoloza makina ali patsogolo pake, ndipo wofunsa uja amabwerera kwawo ali khuma. Kale mkulu akayankhula ana ankakhala chete. Lero makina akayankhula, ndi akulu omwe amakhala chete. Ife tikuona kuti ulemu wotere wapyola muyeso, ndipo mwezi uno tifuna kusinkhasinkha pamodzi nanu, makolo ndi achinyamata a m'maparishi athu, za sewero lina la pa kanema limene lidaonetsa poyera kumene ulemu umenewu umafikitsa anthu.

Seweroli dzina lake ndi Mr Bates vs The Post Office. Lidaulutsidwa ndi wailesi ya kanema ya ITV ku Britain m'masiku oyamba a Januwale 2024, lili ndi zigawo 4, adalemba ndi mayi Gwyneth Hughes, ndipo amene adasewera ngati bambo Alan Bates ndi Toby Jones. Nkhani yake si yopeka ayi. M'midzi ndi m'matauni aang'ono a dziko limenelo, positi ofesi kawirikawiri imakhala m'sitolo ya munthu wamba, amene mbali ina amagulitsa nyuzi, buledi ndi mkaka, mbali inayo n'kumagulitsa masitampa ndi kulipira okalamba penshoni yawo m'dzina la bungwe la Post Office. Bungweli linkamasulira pangano lake ndi anthuwa motere: ndalama zikaperewera, mwini sitolo abweze za m'thumba mwake. Mu 1999 lidayamba kuika m'masitolomo dongosolo la makompyuta lotchedwa Horizon, lopangidwa ndi kampani ya ICL imene inali m'manja mwa Fujitsu ya ku Japan. Posakhalitsa, anthu amene adatumikira zaka zambiri osasowetsa ndi khobidi lomwe adayamba kuuzidwa ndi makinawo kuti ndalama zaperewera, nthawi zina mapaundi zikwizikwi. Akaimba lamya kuti adandaule, ambiri ankayankhidwa kuti vuto lotere likuchitikira iwo okha.

Kuyambira 1999 mpaka 2015 anthu oposa 900 adazengedwa milandu ya kuba, chinyengo ndi kulemba mabuku abodza, ndipo pa milandu pafupifupi 700 Post Office yomweyo ndiyo inali wodandaula, wofufuza ndiponso wozenga mlandu. Oposa 200 adalowa m'ndende, mmodzi mwa iwo mayi woyembekezera amene adagamulidwa mu 2010. Ena adagulitsa nyumba ndi kukongola kwa abale kuti abweze ndalama zimene sizidasowe n'komwe. Ena adavomera mlandu umene sadapalamule poopa ndende. Lipoti la kafukufuku wotsogoleredwa ndi Sir Wyn Williams, limene gawo lake loyamba lidatuluka mu Julayi 2025, lidapeza kuti n'kutheka ndithu kuti anthu osachepera 13 adachotsa moyo wawo chifukwa cha nkhaniyi.

Bambo Bates, amene ankayendetsa positi ofesi ya ku Craig-y-Don kumpoto kwa Wales, adakana kusayinira mabuku amene sakadatha kuwatsimikizira, ndipo adachotsedwa mu 2003. Mu 2009 nyuzi ya Computer Weekly idatulutsa nkhaniyi, ndipo chaka chomwecho ovutikawo adasonkhana m'holo ya mudzi wa Fenny Compton, aliyense nazindikira kuti sanali yekha. Anthu 555 adasumira bungwelo pamodzi. Mu Disembala 2019 woweruza Peter Fraser adagamula kuti Horizon inali ndi zolakwika zotha kusokoneza mabuku. Mu Epulo 2021 bwalo la apilo lidayeretsa anthu 39. Ndipo mu Meyi 2024 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lofafaniza zigamulo zambiri zotsala. Inde, mlandu suwola, koma munthu woudikira amakalamba, ndipo ena adamwalira dzina lawo lisanayeretsedwe.

Chimene seweroli lidachita bwino ndi kutionetsa nkhope. Chiwerengero cha 900 chimalowa khutu ili n'kutulukira linalo, koma mayi amene ali pa lamya, akutsata mokhulupirika malangizo onse amene akupatsidwa, n'kuona ngongole yake ikuwirikiza kawiri iye akuyang'ana, ameneyo saiwalika. Ndiponso olemba ake adamvetsa kuti chida chopweteka koposa sichinali ndende, koma mawu aja akuti "muli nokha", pakuti munthu akapatulidwa kwa anzake amayamba kukayika ngakhale chikumbumtima chake. Pa 10 Januwale 2024, pasanathe sabata seweroli litatha, nduna yaikulu Rishi Sunak idalengeza za lamulo lija. Chipambano chimenechi chili ndi manyazi ake: zonsezi zinali m'nyuzi kwa zaka 15, ndiponso m'zigamulo za mabwalo, koma mtundu wonse udadzuka pokhapokha utalira pa kanema.

Komabe pali pamene seweroli lidaperewera, ndipo ndi pamene ife tifuna kutsindika. Makinawo amatsala ngati chilombo chokhala duu pakauntala, chosadziwika maganizo ake. Woonera amachoka ali ndi mkwiyo, koma asanamvetse bwino chimene chinkachitika m'katimo, kotero kuti n'kwapafupi kutaya chikhulupiriro chabodza chimodzi n'kutola china: dzulo tinkati kompyuta siilakwa, lero titi kompyuta ndi mfiti. Zonse ziwiri n'zabodza. Pulogalamu ya kompyuta ndi malangizo olembedwa ndi anthu, mzere ndi mzere, ndipo makina amachita zimene adalemberedwa, osati zimene wolembayo ankaganiza kuti walemba. Aliyense wogwira ntchito imeneyi angakuuzeni za tsiku lathunthu limene lidathera pofunafuna kachizindikiro kamodzi kolembedwa pamalo polakwika, kaya za kukonza pano kuti paphulike pena. Zolakwika zotere amazitcha tizilombo, ndipo mpaka lero amasimba za kagulugufe ka usiku kamene kadapezeka katakanirira m'makina a Mark II pa sukulu ya ukachenjede ya Harvard mu 1947. Mu 1999 bungwe la NASA lidataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina la akatswiri linkawerengera mphamvu m'miyeso ya mapaundi, pamene gulu linzake linkayesa kuti manambalawo ndi a miyeso ya metiriki. Ngati zotere zidagwera anthu otumiza zombo ku Mars, angalumbire ndani kuti makina a m'sitolo ya kumudzi sangaphonye?

Cholakwika china cha Horizon chidatchedwa dzina la mudzi wa Dalmellington ku Scotland. Wantchito wa kumeneko ankalemba kuti walandira mapaundi 8,000. Makina adauma, iye nadina batani mobwereza monga tonse timachitira foni ikauma. Makinawo adalemba ndalamazo kanayi, mapaundi 32,000, ndipo mabuku adaonetsa kuti mapaundi 24,000 asowa. Chigamulo cha woweruza Fraser chidandandalika zolakwika 29. Chidaonetsanso kuti antchito a Fujitsu ankatha kusintha mabuku a sitolo ali kutali, chinthu chimene Post Office idakana kwa zaka zambiri, ndiponso kuti zolakwika zambiri zinkadziwika ndi kulembedwa m'kaundula wa kampaniyo. Apa ndi pamene akuluakulu athu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Chidathyola miyoyo ya anthu aja si kachilombo ka m'pulogalamu, pakuti tizilombo tili m'mapulogalamu onse aakulu. Chidawathyola ndi kukhala chete kwa anthu amene ankadziwa. Horizon idasanduka khoswe wa pamkhate: kuivomereza kuti imalakwa kukadaswa mbiri ya bungwe, ndalama zake ndi milandu yonse imene idazengedwa kale, ndiye kudaoneka kwapafupi kumenya wa sitolo.

Palinso mfundo ya malamulo imene seweroli silidaipatse malo okwanira. Mu 1999 nyumba ya malamulo ya ku Britain idachotsa gawo la lamulo la mu 1984 limene linkafuna kuti wobweretsa umboni wa kompyuta pa mlandu ayambe waonetsa kuti makinawo ankayenda bwino. Kuyambira pamenepo mabwalo a ku England ndi Wales ankayamba ndi kukhulupirira makina, ndipo woimbidwa mlandu ndiye ankayenera kuonetsa pamene aphonya, chonsecho zolembedwa zonse zili m'manja mwa womuimba mlanduyo. Yerekezani zimenezi ndi nzeru za Chipangano Chakale. Buku la Deuteronomo, mutu 19, limaletsa kutsutsa munthu pa umboni wa mboni imodzi. Pafunika ziwiri kapena zitatu. Ndipo mu mutu 13 wa Danieli timawerenga za Susana, amene msonkhano wonse udamugamula kuti aphedwe chifukwa omuneneza anali akuluakulu olemekezeka, mpaka mnyamata Danieli adawapatula nafunsa aliyense payekha za mtengo umene tchimolo lidachitikira pansi pake, mayankho awo nasiyana. Susana adapulumuka chifukwa mboni zidafunsidwa mafunso. Horizon inali mboni imodzi, yolemekezeka ngati akuluakulu aja, ndipo kwa zaka zambiri sipadapezeke Danieli wololedwa kuifunsa.

Makina salumbira, sachita manyazi, salapa. Chotero udindo wonse wa Lamulo lachisanu ndi chitatu umagwera munthu amene watenga manambala a makinawo n'kukaloza nawo mnzake chala. Katekisimu wa Mpingo amawerengera kuweruza mopupuluma pakati pa machimo otsutsana ndi choona, ndipo kupupuluma sikuleka kukhala tchimo chifukwa choti pepala latuluka m'makina. Mayi Paula Vennells, amene adatsogolera Post Office kuyambira 2012 mpaka 2019, analinso wansembe wa mpingo wa Anglican. Mu Januwale 2024 adalengeza kuti abweza ulemu wa CBE umene adapatsidwa, ndipo mu Meyi chaka chomwecho adalira poyankha mafunso a kafukufuku uja. Sitikutchula izi monyogodola abale athu a mpingo umenewo. Tikuzitchula chifukwa chiyeso choteteza dzina la bungwe pofinya munthu wamng'ono sichisankha chovala, ndipo Mpingo wathu womwe udalawa chowawa cha chiyeso chimenechi pa milandu ya nkhanza zochitira ana.

Wina asatimve ngati odana ndi sayansi. Mmodzi mwa oyamba kugwiritsa makompyuta pa ntchito ya mabuku anali wansembe wa chipani cha Yesu, bambo Roberto Busa wa ku Italy, amene mu 1949 adakumana ndi Thomas Watson wa kampani ya IBM napempha chithandizo chondandalika mawu onse a m'zolemba za Tomasi Woyera wa ku Aquino ndi za olemba ena ogwirizana nazo, mawu pafupifupi 11 miliyoni. Ntchitoyo idatenga zaka pafupifupi 30, nidzaza mabuku 56 amene adatha kusindikizidwa mu 1980. Makina ankawerenga, koma anthu ndiwo ankaunika ndi kukonza. Mpingo ukuphunzitsabe chomwecho: Papa Fransisko m'kalata yake Laudato Si' ya mu 2015 adachenjeza za mtima woyesa luso la makina kukhala muyeso wa zinthu zonse, ndipo chikalata cha Antiqua et Nova cha mu Januwale 2025, chonena za nzeru zopangidwa ndi anthu, chimakumbutsa kuti udindo wa chigamulo umatsala m'manja mwa munthu.

Tsono nkhani ya ku Britain ikutikhudza bwanji kuno? Ana athu ambiri lero amadya za pakauntala: ena ndi ma ejenti otumiza ndalama pa foni, ena amakhala pa makina olandirira ndalama m'masitolo aakulu, ena ndi makalaliki a m'mabanki ndi m'zipatala. Madzulo ndalama za m'kabati zikasiyana ndi nambala ya m'makina, amene amayamba kukayikiridwa ndi mwana wathuyo. M'maparishi momwe, mtulo ndi zopereka zayamba kuyenda pa foni, ndipo msungichuma wa mphakati angathe kuipitsidwa dzina ndi uthenga umodzi umene sudafike. Inu olemba anzanu ntchito, musadule malipiro a munthu kapena kumuperekeza kupolisi musanafunse ngati vuto lomwelo lidaonekapo kwa wina. Inu a pakauntala, sungani malisiti ndi kabuku ka pamanja, musasayinire chimene simukuchimvetsa, ndipo muzikambirana ndi anzanu a ntchito yomweyo, pakuti anthu a ku Fenny Compton adapulumuka tsiku limene adakhala m'chipinda chimodzi. Inu achinyamata amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu, kupeza cholakwika m'ntchito yanu si chamanyazi. Kuchibisa ndiko kungathe kumangitsa munthu amene simudzamuona nkhope. Ndipo inu a m'makomiti a tchalitchi, dzina la Mkhristu mnzanu lisagwe pa umboni wa foni yokha.

Seweroli ndi loyenera kuliona, makamaka pamodzi ngati banja kapena ngati gulu la achinyamata, koma mukatha kuliona musathere pa misozi. Funsanani kuti ndani ankadziwa, adadziwa liti, ndipo adauza yani. Mawu akuti "kompyuta ndiyo yanena" akadzamvekanso pakati pathu, pakhale wina wofunsa mwaulemu koma mosaopa kuti: "Yanena inde, nanga mboni yachiwiri ili kuti?"