Luso Lokonzekeretsa R Ntchito Isanayambe

Katswiri wa ziwerengero ukamupatsa kompyuta yatsopano, sathamangira kutsegula fayilo ya kafukufuku. Amayamba waikonza kaye bwinobwino, ndipo kakonzedwe kakeko n'kogometsa.

Titenge R, pulogalamu yaulere imene Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anayambitsa pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand, ndipo mtundu wake wa 1.0.0 unatuluka pa 29 February 2000. Katswiriyu amaitenga ku CRAN, nkhokwe imene yakhala ikusunga R ndi mapaketi ake kuyambira 1997. Amayamba kuika R, kenako RStudio, chifukwa RStudio ndi pogwirira ntchito chabe, koma wowerengera weniweni ndi R. Akakhala pa Windows amawonjezera Rtools yogwirizana ndi mtundu wa R wake, kuti paketi yofuna kumangidwa pakompyuta pomwepo isadzamukanire ntchito ili pakati.

Akatero amalowa mu Global Options ya RStudio, n'kuchotsa kachizindikiro pa mzere wa "Restore .RData into workspace at startup". Dzanja limagwira mausi kamodzi kokha, koma nzeru yake ndi yakuya. Kuyambira pamenepo R izitseguka ilibe chilichonse chotsala dzulo. Nambala iliyonse iyenera kutuluka m'malamulo olembedwa, amene wina aliyense angawerenge n'kuwayendetsanso. Palibe yobisala m'kompyuta imene mwini wake anaiwala kumene inachokera.

Kenako amatsegula foda ya ntchitoyo n'kuigawa patatu. Zimene zabwera kuchokera kofufuza zimakhala pazokha, ndipo sazikhudza ngakhale kadontho. Malamulo amakhala kwina, zotsatira kwinanso.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi mmene amasamalira za mitundu ya pulogalamu. Amadziwa kuti mu 2019, R 3.6.0 inasintha njira imene sample() imasankhira zinthu mwachisawawa, moti nambala yomweyo ya set.seed() inayamba kutola anthu ena, osati aja a poyamba. Amadziwanso kuti mu 2020, R 4.0.0 inasiya kusandutsa yokha mawu a m'tebulo kukhala magulu. Munthu sanasinthe chilembo ngakhale chimodzi, koma yankho lasintha. N'chifukwa chake amagwiritsa ntchito renv, imene imalemba mu fayilo ya renv.lock dzina la paketi iliyonse ndi mtundu wake. Mnzake wa kutsidya la nyanja akangolemba renv::restore(), mapaketi ake amafanana ndendende ndi a kuno.

Pomaliza amayesa R, monga mmene wogulitsa nyama woona mtima amayesera sikelo ndi mwala wodziwika kulemera kwake. R imabwera ndi tebulo lotchedwa iris, la maluwa 150 a mitundu itatu. Amalemba mean(iris$Sepal.Length), n'kuyang'ana ngati patuluke 5.843. Amajambula galafu imodzi, kuisunga, n'kuitsegula kuti aione ndi maso.

Ntchito imeneyi siitchulidwa dzina lipoti likatuluka. Koma dokotala wofuna kudziwa ngati mankhwala akuthandiza, kapena mlangizi wofuna kudziwa mbewu yopirira chilala, amadalira kuti nambala imene wapatsidwayo ingatulukenso chimodzimodzi m'manja mwa munthu wina. Amene amatheketsa zimenezo ndi uja analeza mtima tsiku loyamba, ndipo ayenera kulemekezedwa ngati mmisiri aliyense wodziwa ntchito yake.