Chikho cha Aphunzitsi a Lupin

Buku limene ndikufuna kukambapo ndinaligula pamulu wa mabuku akaunjika, pakhonde la sitolo ina m'tauni, chikuto chake chili chong'ambika. Ndi lachitatu pa mabuku asanu ndi awiri a Harry Potter amene analemba J.K. Rowling, lotchedwa Harry Potter and the Prisoner of Azkaban, la 1999. Ndinagulira mphwanga wa Fomu 2 amene ndimakhala naye kuno ku Naperi, ndipo tinkaliwerenga molandizana madzulo, magetsi akathima n'kumaunikira ndi foni. Titafika pamene zinaululika kuti mphunzitsi Remus Lupin amasanduka chilombo, mnyamatayo anatseka buku n'kundiyang'ana.

"Amalume, ndiye kuti aphunzitsiwa ndi mfiti?"

Ndinaseka, poti m'bukumo aliyense ndi wamatsenga, kuyambira ahedi mpaka kamwana ka chaka choyamba. Koma funsolo silinali lopusa. Mwana wa kuno akamva kuti munthu amasanduka nyama usiku, nkhani yonse amaidziwa kale. Munthuyo anapita yekha kwa sing'anga, anatemera mphini, anakhwima. Amasanduka fisi kuti akabe mbuzi za eni, kapena ng'ona kuti akagwire amene anakangana naye kudooko. Usiku wina anthu abaya fisi mwendo, kutacha mkulu wina wa m'mudzi momwemo wapezeka akutsimphina. Amene tinakula tikumvera Nkhani za M'maboma pa wailesi ya MBC tinamva nkhani imeneyi kambirimbiri, maina a maboma okha ndi amene ankasintha. Kamangidwe kake n'kamodzi: mwendo wotsimphinawo ndiwo umboni, ndiwonso chigamulo, ndipo nkhani imathera pomwepo. Palibe amene amafunsa kuti fisiyo anagona bwanji usiku umenewo.

Lupin sasanduka fisi, amasanduka mmbulu, nyama ya ku Ulaya imene ambirife timaidziwira m'Baibulo. Omasulira Buku Lopatulika nawonso anavutika nayo, moti pa Mateyu 7, pofotokoza za aneneri onyenga ovala zikopa za nkhosa, anangoika afisi. Azungu ali ndi nthano zawo zakalekale za munthu wosanduka mmbulu mwezi ukawala wathunthu. Choncho chilombocho Rowling anachipeza chilipo kale. Luso lake lili pa ndondomeko imene anatipatsira munthuyo, chiyani choyamba, chiyani chomaliza.

Poyamba tikumuona ali m'tulo m'sitima yopita kusukulu ya Hogwarts. Mkanjo wake ndi wa zigamba, sutikesi yake ndi yomanga ndi chingwe, nkhope ndi ya munthu wodwala, imvi zayamba kale pomwe ndi wachinyamata. Aliyense amene anaphunzira pasukulu ya boma amamudziwa mphunzitsi ameneyu, wa jekete limodzi chaka chonse. Mizukwa yoyamwa chimwemwe, imene bukuli limaitcha Dementor, ikalowa m'sitimamo Harry n'kukomoka, Lupin akudzuka, akuithamangitsa, kenako akunyema chokoleti n'kugawira ana. Chinthu choyamba chimene munthu wosanduka chilombo akuchita pamaso pathu ndi kudyetsa ana a eni. Wolemba wadziwa kuti mtima wa wowerenga ukapita kwa munthu, kuubweza n'kovuta.

Phunziro lake loyamba ndi limene ndimalibwereza kawirikawiri. M'kabati muli kachinthu kotchedwa Boggart, kamene kamasanduka chilichonse chimene munthu amaopa koposa. Mphunzitsi mnzake, Severus Snape, asanatuluke m'chipindamo wanyoza mwana wamantha, Neville Longbottom, pamaso pa anzake. Lupin sakukangana naye. Akungoitana Neville yemweyo kuti ayambe ndiye. Chimene mwanayo amaopa ndi Snape, ndipo Lupin akumuuza kuti amuveke m'maganizo zovala za agogo ake aakazi: diresi, kachikwama ka m'manja, ndi chipewa chokhala ndi muimba pamwamba. Kalasi yonse ikufa ndi phwete. M'masamba ochepa okha taona uphunzitsi weniweni, wopanda chikwapu, wopanda ulaliki. Koma pakati pa phwetelo wolemba waponyamo kanthu. Boggart uja atafika kwa Lupin akusanduka mpira woyera wolendewera m'malere, ndipo ana akuganiza kuti ndi galasi la oombeza. Ndi mwezi. Tauona ndi maso athu, koma tinali kalikiliki kuseka chipewa cha agogo.

Zizindikiro zina zonse zili poyera chomwecho. Dzina lakuti Remus ndi la mmodzi wa mapasa a m'nthano ya ku Rome amene anayamwitsidwa ndi mmbulu, ndipo Lupin likuchokera ku liwu la Chilatini la nyama yomweyo. Kunena zoona apa wolemba ananyanya, zili ngati kutcha mwana wako Fisi Chidyambuzi kenako n'kumadabwa anthu akamamunena. Mwezi uliwonse mphunzitsiyu amajomba masiku angapo, akabwera ali wofooka. Snape akamugwirira kalasi akudumpha mitu yonse n'kupereka ntchito yolemba za anthu osanduka mimbulu. Hermione Granger, mnzake wa Harry, yekha ndi amene akutulukira, ndipo akusunga pakamwa miyezi yambiri.

Chimene chinandiimitsa ine ndi chikho. Tsiku lina anzake onse apita kokayenda kumudzi wa Hogsmeade, Harry watsala chifukwa alibe kalata ya chilolezo, ndipo Lupin wamuitanira tiyi mu ofesi. Akucheza, Snape akulowa atanyamula chikho chofuka utsi. Lupin akuthokoza, akuuza mwanayo kuti thupi silili bwino masiku ano, akudandaula pang'ono kuti mankhwalawo ndi owawa ndipo shuga amawapha mphamvu, kenako akumwa mpaka kugugudiza. Harry akuganiza kuti ndi poizoni. Ife owerenga tikuganiza chimodzimodzi. Pambuyo pake m'pamene tikumva kuti mankhwalawo, otchedwa Wolfsbane, sachiza. Amangothandiza kuti mwezi ukafika munthu asanduke thupi lokha, nzeru zikhale zake, adzipinde mu ofesi mpaka kuche. Ndi ovuta kuphika, ndipo pasukulupo amene amamuphikira ndi munthu amene amadana naye kuyambira ali anyamata.

Kuchokera kuno ku Naperi kupita kuchipatala cha Queen Elizabeth ndi ulendo wapansi, ndipo ambiri a ife tinaperekezapo m'bale kumeneko. Chikho chimenechi timachidziwa. Ndinali ndi azakhali amene ankati akalandira ma ARV awo, asanakwere minibasi ankakhuthulira mapilitsi m'kapepala ka pulasitiki, botolo n'kulitaya, kuti lisamachite phokoso m'chikwama anthu a mpingo wawo angamve. Anakhala zaka zambiri ali bwinobwino, akuchita geni, akulipirira ana fizi, koma nthawi yomwera mankhwala ikakwana pali alendo ankati akukaona mphika. Munthu wotere akawerenga za Lupin safunika kumumasulira. Akudziwa kuti kumwa mankhwala pamaso pa mwana n'kumanamizira chimfine kumamveka bwanji, ndiponso kuti moyo wako kukhala m'manja mwa munthu amene angathe kukuulula tsiku lililonse kumamveka bwanji.

Rowling mwini wake ananenapo, n'kulembanso mu 2016, kuti matenda a Lupin ndi fanizo la matenda amene anthu amasalidwa nawo, monga Edzi. Mbali zina fanizolo likugwira. Lupin sanasankhe, analumidwa ali mwana wosakwana zaka zisanu. Snape atangoulula chinsinsi pa chakudya cha m'mawa, Lupin akulongedza katundu tsiku lomwelo, osadikira makalata a makolo, poti akudziwa kale zimene alembemo. M'buku lachisanu, la 2003, tikumva kuti Dolores Umbridge, mkulu wina wa m'boma la amatsenga, anakonza lamulo limene linachititsa kuti anthu onga iye asamapeze ntchito. Ifenso tinatsala pang'ono kuyenda njira yomweyo. Bilu ya za HIV imene inafika ku Nyumba ya Malamulo mu 2017 inali ndi ndime zokakamiza magulu ena a anthu kuyezetsa magazi ndiponso zoika mlandu pa kupatsirana kachilombo. Amayi amene ali ndi kachilomboka ndi mabungwe awo analimbana nazo, aphungu anazichotsa mu November chaka chimenecho, ndipo lamulo limene linatuluka limaletsa kusala munthu pantchito ndi pasukulu.

Koma fanizoli likutsimphina mwendo umodzi, ndipo kutsimphina kwake n'koopsa. Usiku wa chimake cha nkhani, Lupin waiwala kumwa mankhwala ake kamodzi kokha, mwezi watuluka m'mitambo, ndipo wasanduka chilombo chimene chikanatha kupha ana atatu amene anali nawo. Pankhani yongopeka, zimenezi n'zokoma kwambiri: wolakwa weniweni amene anapereka makolo a Harry kwa adani, Peter Pettigrew, akuthawira pomwepo, ndipo chimwemwe chimene Harry anachigwira kwa mphindi zochepa chikumupulumuka. Koma ukati ili ndi fanizo la Edzi, ndiye kuti wapereka chilungamo kwa makolo olemba makalata aja. Mphunzitsi amene ali ndi kachilombo sali chiopsezo kwa ana m'kalasi, amwe mankhwala kapena aiwale. Choko sichipatsira munthu matenda. Ndipo amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachilombo kosaoneka m'magazi sapatsira ngakhale mkazi wake. Lupin akunena yekha kuti makolowo ali ndi mfundo, ndipo m'dziko la bukulo alidi nayo. M'dziko lathu alibe.

M'buku lachisanu ndi chimodzi zinthu zikuipiraipira. Tikukumana ndi Fenrir Greyback, amene analuma Lupin, munthu amene amasaka ana dala kuti awapatsire. Ameneyu ndi mphekesera ija ya m'mabawa ya munthu woti akuti sindifa ndekha, yovekedwa mano ndi zikhadabo. Zotsatira zake n'zakuti pa anthu osanduka mimbulu tikudziwa bwino awiri okha, wina woyera mtima wodzida yekha, wina mdyerekezi, ndipo ambiri otsalawo akuti ali kumbali ya adani. Wodwala wabwino ndi mmodzi, ndipo ubwino wake ndi wakuti amapepesa.

N'chifukwa chake ine ndimamukonda Lupin ndikaiwala zimene wolemba wake ananena za iye. Tchimo lake lenileni m'buku lachitatu silikhudza mmbulu n'komwe. Chaka chonse akudziwa kuti Sirius Black, mnzake wa kusukulu amene dziko lonse likumusaka, amatha kusanduka galu, ndipo sakuuza Dumbledore, ahedi a sukuluyo. Chifukwa chake akuchivomera yekha: kuulula kukanasonyeza kuti ali mnyamata anaphwanya chikhulupiriro cha munthu yekhayo amene anamulandira pasukulu. Munthu amene wasalidwa moyo wake wonse amagwira chikondi chochepa chimene wapeza ndi manja awiri, mpaka kunama kuti chisamuchoke. Pamenepa wolemba analasa. Mantha omwewo akubweranso m'buku lomaliza, la 2007, pamene akufuna kuthawa mkazi wake Tonks ali woyembekezera poopa kuti wapatsira mwana, Harry n'kumutcha wamantha pamaso. Mwanayo, Teddy, akubadwa wopanda matendawo. Kuno, kumene kuyambira 2011 mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala a moyo wonse kuti ateteze mwana, ndime imeneyi imawerengeka ndi mtima wina. Chimene sindikhululuka n'chakuti atatha kumumanga chonchi, wolemba akumupha kuseri. Tikungopeza mtembo wake utagonekedwa pambali pa wa mkazi wake.

Filimu ya 2004, imene anatsogolera Alfonso Cuarón, sindikhalitsapo. David Thewlis anasewera bwino munthu wotopa, ndipo mmbulu wake wowonda, wopanda ubweya wambiri, umaoneka wodwala kuposa woopsa, zomwe ndi nzeru. Koma filimuyo inataya chikho chija, ndiponso sinafotokoze kuti anzake atatu a Lupin anaphunzira kusanduka nyama n'cholinga choti asamakhale yekha usiku wa mwezi. Kwa ine mtima wa nkhani uli pamenepo.

Mphwanga atamaliza bukulo anandifunsa chifukwa chake kuno kulibe nkhani yotere. Ndinamuuza kuti zipangizo tili nazo zochuluka kuposa azungu. Mu 2003 anthu zikwi zingapo anathawa m'midzi ya ku Dowa chifukwa cha chilombo chimene chinapha anthu atatu, akuluakulu a zanyama akuti ndi fisi wachiwewe, eni mudzi akuti ayi, si fisi wamba. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mu Blantyre muno, ndipo mmodzi mwa amene anaphedwa ndi gulu anali mnyamata wodwala khunyu. Malemu Steve Chimombo, m'buku lake la 2006 la The Hyena Wears Darkness, anagwira fisi wina uja, wa miyambo ya kuchipinda, n'kumuika pakati pa mliri wa Edzi. Sewero la Tikuferanji lakhala likutiseketsa ndi kutilangiza pa za matendawa kwa zaka zambiri. Chimene chimasowa kawirikawiri m'nkhani zathu zosanduka ndi mbali ya wonenedwayo. Timaima ndi gulu lonyamula zibonga, n'kumayang'ana mwendo wotsimphina.

Inu amene mumalemba nkhani zazifupi m'nyuzipepala za Loweruka ndi masewero a pa wailesi, mutipatseko mphunzitsi wa ku Zingwangwa kapena ku Bangwe amene anthu akumunong'oneza kuti amasanduka fisi. Muyambe ndi tsiku limene anagulira mwana wamasiye kope, mutionetse akuphunzitsa masamu mpaka wopusa wa m'kalasi atamva, ndipo gulu likamafika pakhomo pake ife tikhale tili m'nyumbamo limodzi naye.