Ulemu kwa Manja Okonza Khofi

M'mawa ku Ndirande kapena ku Bangwe, fungo lotilonjera ndi la tiyi wamkaka ndi mandasi a mu tiyirumu. Khofi ambirife timangodziwa waufa wam'chitini uja. Komatu mbewuyi ili ndi mizu mumzinda uno wa Blantyre: mu 1878, Jonathan Duncan anabzala mbande yochokera ku Edinburgh pa Mishoni ya Blantyre, ndipo inafalikira mpaka ku Zomba.

Tsiku lina kwerani minibasi, mukafike ku Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882, mukaitanitse kapu ya khofi. Musathamangire shuga. Yambani mwanunkhiza, kenako pwirani pang'ono, lilime lidzimvere lokha.

Kukoma kwa khofi wabwino kumayambira kutali. Mlimi wa ku Misuku kapena ku Phoka, wogulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee, amathyola zipatso zofiira zokhazokha, chimodzichimodzi. Zikasendedwa, njere zimavundikidwa, kutsukidwa, n'kuyanikidwa pathandala. Ku Satemwa ku Thyolo nakonso lusoli lilipo. Wokazinga amatchera khutu kuthetheka kwa njere, podziwa kuti kuchedwa pang'ono n'kupsereza thukuta la chaka chonse.

Anthu amenewa sitiwaona, koma kapu iliyonse imanena za iwo. Tiwaombere m'manja.