Mkonzi Monga Mlembi: Kupenda Kalumikizidwe ka Zithunzi mu Cilengezo ca "1984"

Mau Oyamba

Akatswiri a cinenero anazolowera kufunafuna tanthauzo m'mau, koma pali nchito zina zaluso zimene tanthauzo lake ligona pamene mkonzi adula cithunzi cimodzi ndi kucilumikiza ku cinzace. M'nkhani ino tipenda cilengezo ca malonda ca kampani ya Apple cochedwa "1984", cimene cinaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya CBS pa 22 Januwale 1984, mkati mwa masewera a Super Bowl XVIII ku United States. Anacitsogolera ndi Ridley Scott pansi pa kampani yotsatsa malonda ya Chiat/Day, ndipo citenga masekondi 60. Mfundo yathu ndi yakuti mphamvu ya cilengezoci, pamodzi ndi cilema cace, zicokera m'dzanja la mkonzi.

Kalumikizidwe ka Zithunzi

Nthawi yolengeza malonda pa Super Bowl ndi yokwera mtengo kopambana, ndiponso oonerera amakhala pagulu, mtima uli pa mpira. Cotero mkonzi alibe mpata wofotokoza zambiri. Njira imene inasankhidwa ndiyo kuyendetsa nkhani ziwiri mosinthanitsa. M'nkhani yoyamba muli amuna ometa mpala, ovala zotuwa, amene aguba mwa ndawala nakakhala pansi kumvetsera wolamulira wolankhula pa cinsalu cacikulu, monga mwa dziko la m'buku la George Orwell la mu 1949. M'nkhani yaciwiri muli mkazi wovala malaya oyera ndi kabudula wofiira, amene athamanga atanyamula nyundo, apolisi ali pambuyo pace. Poyamba mkaziyo aoneka mwa kamphindi cabe, koma liu la wolamulira silidukiza. Ndilo cingwe comanga zidutswa zonse kufikira nyundo iphwanya cinsalu.

Lev Kuleshov wa ku Russia anaonetsa kale kuti nkhope imodzimodzi itenga tanthauzo losiyana malinga ndi cithunzi coyandikana nayo. Mphunzitsi wa Cinyanja sangadabwe nazo, pakuti miyambi yathu icita cimodzimodzi. Mwambi wakuti "walira mvula, walira matope" ulibe mlumikizi pakati pa zigawo zace ziwiri. Womva ndiye aikapo cifukwa. Momwemonso palibe amene anena kuti mkaziyo ndi ufulu ndipo amunawo ndi akapolo. Woonerera adziuza yekha, ndipo cimene munthu wadziuza yekha sacitsutsa msanga.

Cilema Cace

Apa ndipo pagona vuto. Kompyuta ya Macintosh, imene inayamba kugulitsidwa pa 24 Januwale 1984, sioneka ikugwira nchito ngakhale kamodzi. Cimene cioneka ndi cojambula cace pa malaya a mkaziyo. Wogula sauzidwa cimene makinawo acita, kapena cimene aposera ena. Mdani nayenso sachulidwa dzina, ngakhale ambiri anamva kuti akunenedwa ndi kampani ya IBM. Kuonjezera apo, cilengezo codzudzula anthu okhala cete pamaso pa cinsalu cinalankhula kwa anthu miyandamiyanda amene nawonso anali pamaso pa cinsalu, ndipo cinawakoka ndi mantha ndi cisangalalo, osati ndi umboni.

Kuti umboni munalibe, zinaoneka poyera mu Ogasiti 2020, pamene kampani ya Epic Games, itacotseredwa masewera ace a Fortnite mu App Store, inatulutsa kanema wotsanzira dongosolo lomwelo la zithunzi, koma wolamulira wankhanza tsopano anaimira Apple. Cikombole cimene cinaumba Apple kukhala mpulumutsi cinaiumbanso kukhala wopondereza, popanda kusintha kalumikizidwe kace.

Mau Omaliza

Sitikana kuti "1984" ndi nchito yaluso. Inalandira mphoto ya Grand Prix ku Cannes m'caka comweco. Koma luso lokopa ndi coonadi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Cotero tipempha aphunzitsi a zinenero kuti, monga aphunzitsa ana kufunsa cimene mwambi wasiya osanena, awaphunzitsenso kufunsa mafunso atatu pa cilengezo ciliconse: mkonzi wadula pati, walumikiza ciani ndi ciani, ndipo wataya ciani?