Baghdad idagwa, mantiq idatsala: ndemanga pa buku la Gutas

Ambirife tidaphunzitsidwa kuti Roma itagwa mu 476, nzeru za Agiriki zidazilala mpaka Azungu atazidzutsa. Buku la Dimitri Gutas la mu 1998, Greek Thought, Arabic Culture, likutsutsa zimenezi. Ku Baghdad, mu ulamuliro wa Abbasid, mabuku a Aristotle ndi Galen adamasuliridwa m'Chiarabu kwa zaka pafupifupi 200. Omasulira monga Hunayn ibn Ishaq, Mkhristu yemwe adamwalira mu 873, ankalipidwa ndi makhalifa, nduna komanso mabanja olemera. Gutas akudzudzulanso anthu amene amakokomeza Bayt al-Hikma: kwa iye, inali nyumba yosungiramo mabuku basi.

Pomwe bukuli likuperewera ndi pa zomwe zidachitika Hulagu atapasula Baghdad mu 1258. Mantiq, luso la kulingalira lochokera kwa Aristotle, silidafe, chifukwa Imam al-Ghazali adali atalilowetsa kale mu usul al-fiqh kudzera m'buku la al-Mustasfa, ndipo madrasa ambiri ankaliphunzitsa.

Aphunzitsi a m'madrasa a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, dzifunseni: wothandiza wathu mmodziyo atasiya lero, ndi ophunzira angati angapitirize kuphunzitsa anzawo?